Kalata ya M'chikope

Atandichotsa ntchito ku Kanengo
ndinabwerera kwathu ku Mitundu ndi envulopu yopyapyala
ndi fungo la fodya lokana kuchoka m'malaya.
Envulopuyo inasanduka nkhosa zisanu ndi ziwiri.
Anzanga pa bawo anaseka:
wagula ziweto zoyenda chowerama ngati zili ndi ngongole.

Dzinja litafika dambo linabiriwira,
ine n'kumati chuma chamera chokha.
Ndinkazitulutsa mame asanaume,
osadziwa kuti pansonga pa udzu wonyowa
pamadikira alendo osaodira.

Yoyamba kufooka inali Penshoni, yonenepa ija.
Pansi pa chibwano panalendewera kathumba ka madzi,
ubweya unayima, miyendo inayamba kukambirana.
Inafa Lachitatu, osalira n'komwe.
Nkhosa ndi choncho,
imapita ndi mawu ake m'kamwa.

Nditang'amba chifu chake
ndinapeza ulusi wofiira ukuyenda wokha,
woonda kuposa wa telala wa pamsika,
utakhuta magazi amene ndinagula
ndi zaka khumi ndi zinayi zosenza mabelo.

Kusitolo ya alimi mtengo wa botolo ndinaufunsa kawiri,
ngati kuti kachiwiriko utsika.

A Kachiwanda, alangizi a ziweto,
anabwera pa njinga yoimitsa ndi chidendene.
Sanakhale pampando. Anagwada m'khola,
n'kumatembenuza chikope cha iliyonse ndi chala.
"Werengani apa, bambo, kalata yake ndi imeneyi.
Mukafiira, magazi alimo.
Mukatuwa ngati pepala musazengereze,
imeneyo ndi ya botolo, gulitsani nkhuku.
Zinazi tizitchinjirize ndi zomera pakhomo,
koma ndi muyeso. Mankhwala osayeza ndi mfiti."

Tsono Lekeleni, mwana wanga wa Sitandade seveni,
amasinja nthanga za papaya zoumitsa pamthunzi.
Ine ndimathyola futsa kuseri kwa chulu,
nimu ndimapempha kwa a Dzoole,
amene amandipatsa atandiuza kaye za miyendo yawo.
Muwawani ndimasenda mbali imodzi yokha
kuti mtengo usafere nkhosa.
Ndinalawako tsiku lina.
Lilime linandida mpaka madzulo.

Kumwetsa nkhosa si kumwetsa mwana.
Umaipana m'miyendo, mutu osaukweza kwambiri,
pang'onopang'ono m'mbali mwa kamwa,
iyo ikukuyang'ana ngati wapha mbale wake.

Kenako tinaumba njerwa yosamangira nyumba:
mchere, mafupa owotcha n'kusinja,
dothi la pachulu, madeya odzaza manja awiri.
Inauma masiku asanu padenga la khola.
Lero pakati pake pakumbika
ngati sopo wa banja lalikulu,
ndipo usiku ndimamva malilime akupala,
phokoso lokoma kuposa wailesi.

Tsopano zimatuluka dzuwa litamwa mame.
Kudambo kunsi sizipitako.
Zikhomo ndimasuntha, khola ndimasesa,
zitosi zimapita kudimba kukalipira mlandu wake.
Lekeleni amalemba kumapeto kwa kope la masamu:
tsiku, dzina, mtundu wa chikope.
Aphunzitsi anafunsa kuti Bonasi ndani
ndipo n'chifukwa chiyani watuwa kawiri.

Sindinama, si zonse zinabwerera.
Bonasiyo inamwa za botolo, nkhuku ziwiri zinapita,
mpaka lero nthiti zake ungaziwerenge uli pamsewu.
Futsa si mneneri.
Amangothandiza amene wadzuka m'mawa.

Koma mwezi wa Epulo, chimanga chikuuma,
Malipiro inaswa kamwana kakuda kumutu.
Kanaima, kanagwa, kanaimanso,
kenako kanapita kukanunkhiza njerwa ija
ngati kanaiumba ndi iko.

Dzulo ndinadzipeza ndili pa kagalasi ka njinga
ndikukoka chikope changa ndi chala.
Lekeleni anandiona, sanaseke.
Anatsegula kope,
n'kufunsa kuti alembe dzina liti.